Tinthu Tanga Timadumpha Kamodzikamodzi

Lolemba, pa 4 mwezi wa Tikimt

Fomula yatuluka! Miyezi yonseyi ndakhala ndikulimbana ndi tinthu tanga tongoganizira ta m'masamu: timalowa kumanzere mumzere wa timabokosi, timadumphira kutsogolo kokha, ndipo pokhapokha bokosi lakutsogololo lili lopanda kanzake, kenako n'kutulukira kumanja. Sitipuma, koma pakapita nthawi mayendedwe ake amakhazikika. Lero ndapeza kuchuluka kwa timene timadutsa zikakhazikika choncho. Osati zongoyerekeza ayi, ndendende! Ndinavina mu ofesi mpaka Tsegaw, mnzanga wa desiki yoyandikana, anandifunsa ngati ndapeza banja.

Lachiwiri, 5 Tikimt

Gashe Wondwosen, oyang'anira maphunziro anga a udokotala, anangondisuzumira pamwamba pa magalasi awo. "N'zokongola, Lemlem. Koma kompyuta ivomereze pofika Lachisanu, apo ayi mutu umenewu tiuchotsa m'buku lako la digiri." Kuuchotsa? Mutu umenewu ndiye buku lonselo! Tsegaw, kapena kuti T., walonjeza kulemba pulogalamu yoyesera. Akuti n'zamasewera, amalemba zoterezi tsiku lililonse pa kafukufuku wake wa magalimoto amumsewu.

Lachitatu, 6 Tikimt

Pachithunzi cha zotsatira, madontho a kompyuta ali m'mwamba, mzere wa fomula yanga uli pansi. Sizikukumana. Ndikuopa.

Lachinayi, 7 Tikimt

Masana ku kantini ndinajambula timabokosi papepala, n'kuikamo kolo, balere wokazinga amene T. amatafuna osalekeza uja. Ndinatola kambewu kamodzi mwachisawawa, n'kukasuntha. Kenako kena.

"Ukuchedwa nazo," anatero T., n'kukankha mbewu zonse nthawi imodzi ndi zala zonse.

"Iwe, ukutani?"

"Si mmene tikudumphira mu pulogalamumo? Wotchi ikagunda, tonse pamodzi."

"Mayo ine! Tanga timadumpha kamodzikamodzi!"

"Unandiuza liti?"

"Ndani sadziwa zimenezo?"

"Ife a magalimoto! Unaonapo minibasi za pasiteji ya Arat Kilo zikudikirana kuti iyambe yanyamuka imodzi?"

Ndinaseka mpaka misozi, kwinaku ndikufuna kumupotokola khosi. Tinathamangira ku ofesi, iye akumalizira tinthu tanga m'kamwa. Wakonza pulogalamu, ikuwerenganso. Zotsatira mawa m'mawa.

Lachisanu, 8 Tikimt

Madontho onse akhala pamzere ngati mikanda pa ulusi. Onse! T. akuyenda monyang'wa ngati fomulayo ndi yake. Musiyeni, lero ndamukhululukira.

Gashe anayang'anitsitsa pepala la zotsatira. Kenako anadzuka, nafufuta bolodi lonse, ngakhale masamu awo a dzulo amene analembapo kuti asafufutidwe. Anandipatsa choko, iwo n'kukadzipanikiza pa kabenchi ka ophunzira, mawondo kugunda desiki.

"Yambira poyambirira, Lemlem, ndipo usathamange," anatero. "Imeneyi ineyo sindikuidziwa."