Manja Atatu a Feteleza

Gulu: Banja lathu

Benedicta 06:12
bambo a Thandi mwadzuka? ndikusakaniza mbeya wa maluwa. manyowa a mbuzi ndowa imodzi, madeya ndowa imodzi, phulusa ndasefa kale. feteleza wa kusitolo mumaikamo wochuluka bwanji paja

Benedicta 06:48
yankhani plz. a loji ku Makokola akufuna maluwa a maukwati a december. ulendo uja ndinathira urea yekha masamba anapsa, akapsanso akuti azikatenga ku Blantyre

Raymond 07:55
manja atatu

Benedicta 07:56
manja a ndani

Benedicta 07:56
anu aja ngati fosholo ali ku Joni. ine ndili ndi angawa

Thandi 08:03
kkkk mami

Benedicta 08:04
usaseke iwe. wa ulendo uno ndipanga ndekha, winawo adzapanga okha akabwera

Thandi 08:06
adad simunawauze?

Benedicta 08:06
kundiuza chani

Thandi 08:11
ii sorry. ndimayesa mukudziwa

Raymond 08:30
🎤 voice note 0:16
"Mayi a Thandi, ndimati ndikuimbireni Lamlungu tikambe bwinobwino. Bwana wandiwonjezera contract. December uno sinditha kubwera. Mundimvetse."

Benedicta 08:32
mwana ali ku sukulu ku Zomba akudziwa. ine ndili pano ndowe za mbuzi m'zikhadabo sindikudziwa

Benedicta 08:33
munayambitsa ndinu maluwawa. ine ndimagulitsa usipa wanga phee

Thandi 08:40
mami za manyowazo zisiyeni mukuvutika. thirani wa kusitolo yekha, ndi fast

Benedicta 08:47
dothi la kuno ndi mchenga iwe. wa kusitolo yekha maluwa amathamanga mwezi umodzi, kenako dothi gwa ngati msewu, madzi osakhalamo. manyowa okha amachedwa, maukwati atha ife tikuyang'ana masamba. zimafunika zonse, china chithamange china chigwire dothi

Thandi 08:48
ok mami

📞 missed call, Raymond 09:15

Benedicta 09:22
manja ndi akuda

Benedicta 11:05
jambulani dzanja lanu pafupi ndi bokosi la machesi, ndiyerekeze ndi langa. basi ndi zomwe ndikupempha

Benedicta 13:40
ndikuona muli online

Thandi 13:52
mwina ali pa shift mami. ndilowa class tilankhula

Benedicta 15:26
ndinapita kwa aneba athu a Jaffalie kt ndibwereke manja awo. apita kunyanja. akazi awo andiseka mpaka misozi, akuti m'mudzi muno manja a amuna onse ali ku Joni, ndikawapeza ndiwabwerekeko nawonso

Benedicta 16:10
ndaika anga anayi. zikapsa zapsa

Benedicta 16:31
thumba limafuna wina agwire kukamwa wina azithira. ndalikoleka pa mpando wanu uja wa pakhonde. ukugwira bwino, sudandaula

Benedicta 16:32
ndafika theka