Atelala Athu

Lolemba, 6 Meyi

Kuchipatala lero. Mawanga oyera aja afika zala zonse, ena m'mbali mwa kamwa. Adokotala akuti si khate, si zolodzedwa, sindingapatsire munthu. Dzina lake vitiligo. Chitetezo cha m'thupi mwanga momwe chasokonezeka, chikuwononga tinthu topanga mtundu wa khungu. Thupi kudziukira lokha, ha! Mankhwala odzola m'mawa ndi madzulo, kupewa dzuwa loswa mtengo, kudikira miyezi. Mwina mtundu ubwerera, mwina ayi. Ndafunsa ngati ndi zakumtundu. Akuti nthawi zina zimayenda m'banja, koma abale ambiri siziwagwira.

Ndauza mng'ono wanga yekha. Walira kuposa mwiniwakene.

Lachinayi, 23 Meyi

Nsalu ya diresi lake laukwati yafika. Akufuna lotsegula kumsana. Ndisoka ndekha, nanga ndani? Yunifolomu yake yoyamba ndinasoka ine, amayi atangotisiya.

Makasitomala ena asiya kubwera. Akuti ndinadzola zoyeretsa khungu ndiye zandiwaula. Ine wa makina ndi ulusi, nthawi yodziyeretsa ndiitenga kuti?

Loweruka, 15 Juni

Mng'ono wanga wabwera kushopu ndi apongozi ake, kudzawayeza diresi. Kulowa, mng'ono wangayo maso pansi: "Awa ndi atelala athu."

Atelala. Mwayi wake ndinali ndi mapini kukamwa. Ndikuwayeza mayi aja m'chiuno, iwo maso pamanja anga. "Pepanitu atelala. Kwanu zilipo zambiri zimenezi?" Mwana uja kumangoyang'ana nsalu.

Lamulungu, 16 Juni

Wabwera kudzapepesa, kupepesa kwa pakamwa. Akuti kuchimuna amafufuza matenda akumtundu. "Munanena nokha kuti zimayenda m'banja, achemwali. Ukwati ukangodutsa ndiwauza." Mawu a adokotala watola theka, theka lina wataya. Paukwati akuti ndikhale kumbuyo ndi singano, mwina china n'kung'ambika.

Mawanga sapweteka, kuyabwa komwe ayi. Izi ndiye zikupweteka. Munthu ndinamubereka kumsana ine, mamina kumupukuta ndi chala. Chinsinsi ndinamupatsa ndekha, wandimenya nacho. Wandigulitsa mwanayu.

Lachitatu, 10 Julayi

Timadontho takuda tayamba kutuluka m'kati mwa banga la pakamwa. Adokotala akuti ndiwo mtundu ukubwerera, ndisaleke kudzola. Ndatulutsa foni kuti ndiuze munthu. Ndaibwezera m'chikwama.

Mikono ya diresi yatha. Yakongola, sindinama.

Lachisanu, 26 Julayi

Kuyeza komaliza, ukwati mawa. Waima pagalasi, ine kumbuyo kukoka zipi. Pansi pa phewa lakumanzere, pomwe diresi latsegukapo, kabanga koyera mbee, kukula ngati batani la shati. Ndikukadziwa. Anga anayamba chomwecho. Iye sangakaone. Apongozi mawa akhala mpando wa kumbuyo kwake penipeni.

"Kuli bwino kumbuyoko, achemwali?" Lero ndine achemwali, poti tinali awiriwiri.

Ndangoti vula, pali pokonza. Wapita akuimba.

Diresi lili pamakina. Lesi yotsala ikukwana kutseka msana wonse, ndayeza kale. Ndakhala ndikuyang'ana chichokereni iye. Kasitomala anati lotsegula kumsana. Telala amasoka zimene wauzidwa, za khungu la eni sizimukhudza. Koma mchemwali...