Phula Limakalamba

Lolemba, 8 Julaye 1974

Chisanu choluma. Msewu womwe tinathira phula chaka chatha pa Chimbiya wang'aluka ngati chidendene. Wophika phula ndine, chaka chachisanu ndi chinayi tsopano. A tcheyamani a chipani akuti wowononga msewu ndi mdani wa chitukuko. Dzina sanatchule. Anangondiyang'ana.

Lachitatu, 10 Julaye

Kwabwera a Rafaelo, oyeza phula a ku Lilongwe. Ndawapatsa zitini zanga za phula. Tsiku lililonse ndimasunga ziwiri, china cha mumgolo, china cha mumphika ndikaphika. Kunsi kwake ndimalemba zizindikiro zangazanga.

Chida chawo ndi singano! Amaiimika pa phula, kachitsulo pamwamba, n'kuwerenga mpaka faifi. Chitini choyamba, yalowa ngati m'pichesi lakupsa. Chachiwiri, yangoima. "Ili ndi gogo," anatero. Akuti phula limakalamba. Mpweya, dzuwa ndi moto zimamwa mafuta ake, limauma gwaa, chisanu chikafika limathyoka. Zaka zonsezi ine ndimayesa ndi chinthu chakufa.

Lachinayi, 11 Julaye

A Rafaelo adontheza mafuta akuda m'lokalamba lija, kutenthetsa pang'ono, kutakasa, kudikira lizizire. Singano yalowanso! Ndinavula chipewa osadziwa. Palafini akuti amangonamiza, amafewetsa kenaka n'kuuluka. Mkazi wanga Filomena akuti ndimupemphereko a mawondo ake.

Loweruka, 13 Julaye

Ndatembenuza zitini zonse, kawiri. Zofewa, za mumgolo. Zokalamba, za mumphika wanga. Palibe n'chimodzi chomwe chosiyana.

Ine ndimasonkhezera moto mpaka utsi utuluke, kuti lipse bwino ngati nyemba. Ndinkaopa kupereka laliwisi. Ndimalikalambitsa ndekha, ndi manja angawa.

A Rafaelo akuganiza kuti migolo ina inabwera yokalamba kale. Zizindikiro zija palibe wina angaziwerenge koma ine ndekha. Chakudya sichinalowe.

Lolemba, 15 Julaye

Ndawauza a Rafaelo zoona zake. Iwo anati: "Bambo Gervazio, ntchito yomwe dzuwa limagwira zaka khumi, inu maola atatu basi."

Lipoti lipita Lachisanu. Alembamo chiyani, sindinafunse. Andisiyira kagalasi koyezera kutentha, atalembapo mzere wofiira.

Lero ndaphula mphika kutentha kutangofika pa mzerewo, phula likadali mwana. Litazizira ndinawapempha kuti singano ndiimike ndekha. Yalowa.