Kachipangizo Kopalidwa Nambala

Amayi, kumeneko muli bwanji kodi?

Kuno tilipo. Mng'ono wanga Agnesi wachira, ndi mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Chimanga cha ku Katuli chakanika chaka chino, mpunga ndiye wayesako.

Ine ndikadali pa shopu yanga ija pa boma, kukonza mawailesi ndi masola. Koma ndapatsidwa ntchito yaikulu. Kachipatala kaja munkalandirako mankhwala akufuna ndiwapangire bokosi lotenga moto wa batire ya sola n'kumaupereka mosadumphadumpha ku furiji ya katemera. Bokosilo likafa, katemera wa ana awonongeka yense.

Pavuta ndi achimwene a Yohane. Sabata yatha anabwera ndi mkulu wina wa ku Blantyre, wa nsapato zonyezimira, atanyamula timatumba ta zipangizo. Mkuluyo anandionetsa kachipangizo kakuda, kochepa ngati nyemba, ati kokhako kamagwira ntchito ya zipangizo khumi. Nditakayang'ana ndi galasi ndinaona kuti pamsana pake, pamene pamakhala nambala, anapalapo dala. Nditafunsa fakitale yake, anangoseka. Nditafunsa ngati kadzapezekebe pakatha zaka zisanu, anati ndizingomuimbira iyeyo. Iye yekha, Amayi! Nanga akadzasintha foni? Nanga ngati kwawoko anasiya kale kukapanga, ndipo izi ndi zotsalira zimene akufuna kutitayira kuno? Ine ndinakakana.

Chondiwawa ndi achimwenewo. Chichokereni pa maliro anu sanapondepo pa shopu yanga, lero ndiye azindiuza kuti ndisachititse manyazi mlendo? Atatuluka ndinawaona akunong'onezana kuseri kwa minibasi. Chimene alonjezana sindikuchidziwa, ndipo kufunsa ndikuopa.

Ndinakumbuka makina anu osokera aja, anakhala zaka pakona tikuikapo mbale, chifukwa chosowa kachitsulo kamodzi. Munkati, "Lusia, usanagule chinthu uzifunsa kaye kuti chikafa udzalowera kuti."

Ndiye ndasankha zipangizo zakalekale, zonenepa, zimene mafakitale ambiri amapangabe, zoti ngakhale mu wailesi yakufa munthu atha kuzula. Bokosilo likhala lalikulu, losakongola, lotenthako pang'ono. Nambala ya chilichonse ndailemba kunsi kwa chivundikiro, pamodzi ndi china cholowa m'malo mwake, kuti ngakhale ine nditakutsatirani wina adzathe kukonza.

Achimwene sakundiyankhula. Dzulo tinakumana pa mlatho, iwo n'kuyang'ana kumadzi. Ndamvanso kuti anakaonekera kuchipatalako, kaya anakanena zotani, poti anamwino amene ankandiimbira tsiku ndi tsiku angoti zii.

Komabe Lachisanu ndipita nalo ndekha bokosilo, andiitane asandiitane. Ndikulonjezani, Amayi, m'menemo simulowa chinthu chimene sindikudziwa kwawo. Achimwenenso sindiwataya, koma makiyi a shopu ndasintha.

Ndine mwana wanu wokukondani nthawi zonse,
Lusia