Ziro Woyamba Yekha

Lachinayi madzulo. Mtima ukadawawabe.

Dzulo ndinaphunzitsa a Namakhwa, anzanga a mu ofesi, regex, kalembedwe kouza kompyuta choti ifufuze n'kusintha. Timafuna kuti ziro woyamba pa manambala a foni a alimi a tiyi asanduke 265. Ndinanenetsa kuti aike ^ patsogolo, kutanthauza koyambirira kokha. Iwo amvekere, "Kachipewa aka n'kokongoletsa chabe, achemwali." Anakachotsa. Ziro aliyense anasinthika, ndipo uthenga wa pa foni woti lole yonyamula tiyi sibwera lero sunafike kwa ambiri.

Alimi a ku Masambanjati athyola tiyi m'mawa, wafotera pamsewu. Abwana akalipira ine, akuti ndine ndinabweretsa zamakonozi. A Namakhwa anali pomwepo, akungopukuta magalasi.

Ndiye poweruka, opanda manyazi, akuti mawa ndiwaphunzitse zotsalazo.