A Kapitawo Agula za Mwezi Wonse

Lachisanu, 31 Meyi

A Kapitawo abwera ndi lamulo latsopano. Kuyambira mawa m'nyumba muno tizigula zakudya kamodzi pamwezi. Kamodzi! Alengeza pa tiyi wam'mawa, chala chili m'mwamba ngati akulankhula ndi anyamata awo akale a kuntchito.

Amuna angawa akhala akuyang'anira nyumba yosungiramo katundu pa kampani kuyambira ndisanabereke mwana woyamba. Apuma mwezi wathawu. Ndiye poti kulibenso makatoni oti aziwerenga, atembenukira kukhitchini kwanga. Akuti, "Amayi, penshoni si malipiro. Munthu wopita kumsika tsiku ndi tsiku ndi ndowa yobooka." Akunena zimenezi munthu wosadziwa ngakhale pamene pamakhala mchere.

Ndawafunsa ngati zaka zonsezi anagonapo ndi njala. Akuti nkhani si imeneyo, nkhani ndi ndondomeko. Ndangotola makapu.

Poti pano palibe wondimva, ndinene zoona. Ulendo wakumsika m'mawa ndi wanga ndekha. Ndimatenga kabasiketi kanga, ndimayenda mmene ndafunira, ndikafika ndimakhala pa kreti kuseri kwa benchi la mnzanga wa tomato. Timamwa tiyi wa m'fulasiki yake, timajeda anthu odutsa, timaseka mpaka misozi. Kumeneko kulibe wondifunsa kuti malaya anga ali kuti. Ana anakula, anapita. Akandilanda ulendo umenewu ndatsala ndi makoma.

Loweruka, 1 Juni

Apita okha ku sitolo yopikulitsa. Abwerera dzuwa lili paliwombo, pa galimoto ya hayala, atakhala kutsogolo ngati mkwati. Dalaivala naye kuliza hutala pageti ngati wabweretsa nduna.

Matumba a mpunga, bele la shuga, chigubu cha mafuta ophikira, katoni ya sopo, mathireyi a mazira, tomato ndowa yodzaza. Msewu wonse unatuluka. Mayi Maso, aneba athu a mpanda umodzi, anangoti tsache m'manja n'kumasesa malo amodzimodzi mpaka thumba lomaliza litalowa. A Kapitawo ali pakhonde kukuwa, "Limenelo ndi la shuga, mosamala!" kuti ndi ogontha omwe amve.

Ine ndikamachokera kumsika ndimavundikira basiketi ndi kansalu. Iwo amayesa ndimaopa fumbi. Sanafunse, inenso sindinanene. Safunsa anadya phula.

Madzulo akhoma loko pa kachipinda kosungiramo zakudya, kiyi amumangirira pa lamba. Akuti m'mawa uliwonse ndizinena zofunika, iwo azitulutsa.

Lolemba, 3 Juni

Ndapempha anyezi m'nyumba mwanga momwe. Andifunsa kuti angati.

Lachiwiri, 4 Juni

Basiketi ili pa msomali kuseri kwa chitseko. Ndikadutsa ndimayang'ana kumbali.

M'mawa wonse anali pambuyo panga. Ndili kuchapa, iwo aima pambali kundifotokozera mmene anagwirira wakuba mababu chaka chinachake. Ndalowa kuchipinda kukayala bedi, abwera ndi nkhani ya bwana wawo wakale amene ankawatamanda pamsonkhano. Nkhani imeneyi ndaimva kambirimbiri moti ndingathe kuifotokoza ndili mtulo. Masana adzisisita pamimba n'kunena kuti, "Mwaona amayi? Lero sitinawononge kalikonse." Nkhope ili ngwee, ngati atulukira magetsi.

Ine mutu ukundipweteka.

Lachitatu, 5 Juni

Zayambika. Mayi Maso afika ndi kapu m'manja, mawu ofewa ngati batala. Akuti alendo awadzidzimutsa, kashuga pang'ono chabe, abweza Loweruka.

Kale akabwera chonchi ndinkawatsegulira chitini n'kuwaonetsa pansi pake. "Pepani aneba, ifenso tikudikira za mawa." Ndipo silinali bodza, chifukwa ndinkagula za tsiku limenelo basi. Ankabwerera osakwiya, ubale uli bwinobwino.

Lero ndamwetulira n'kuwauza kuti, "Kiyi ali ndi bambo." Ndawaperekeza mpaka pabalaza.

Abale inu! Mayiwo anagwada theka, "Bambo athu, mwatichititsa manyazi tonse mumsewu muno. Amuna enawa akanakhala ndi nzeru ngati zanu." A Kapitawo chifuwa chinatukuka, batani pang'onong'ono kuthothoka. Anadzaza kapu mpaka shuga kutayikira pansi, n'kuwonjezera mazira awiri osapemphedwa.

Lachisanu, 7 Juni

Kapu ya Mayi Maso yakula, lero inali jagi. Amuuzanso mkazi wa telala, amene wabwera ndi botolo la mafuta. Mlonda wa pa sukulu wabwera kudzapempha sopo. Onse ndikuwalandira ndi ulemu wonse n'kuwalozera kwa mwini kiyi. Sindikuwaitana ine. Kungoti sindikuwabweza.

Ndinayesa kamodzi, kuti mawa asadzati sindinanene. Ndati, "Bambo, zinthuzi ndi za mwezi wonse paja?" Andiyang'ana ngati mwana wasukulu n'kuti, "Amayi, kupatsa ndi kuika. Adzabweza."

Ameneyu ndi munthu amene ku kampani sankalola ngakhale msomali kutuluka pageti popanda siginecha ya bwana. Koma kumene kuja katundu anali wa eni, ndipo omupempha ankamutukwana. Kuno akumutcha bambo wachifundo. Zamulowa m'mutu ngati mowa.

Tomato wa pansi pa ndowa wayamba kutuluka madzi. Kachipinda konse kakununkha. Iwo akuti ndi fungo la katoni.

Lamulungu, 9 Juni

Mlamu wanga, mchemwali wawo wamng'ono, amene chaka chino anali asanapondeko kuno, watulukira ndi ana ake ndi chikwama chachikulu chopinda bwino m'khwapa. Nkhani zimayenda, sizilipira basi.

Asanakhale n'komwe, "Achimwene, ndamva mwatsegula sitolo!" Kuseka konse. Kenako misozi: moyo wavuta, bambo a ana ntchito ikuyenda mwa apo ndi apo. Ine anangondipatsa moni wa m'mphuno, akudziwa kuti kiyi sali kwa ine.

Adya masana, adya madzulo. Pochoka chikwama chija anachita kugwirizana awiri. Thumba limodzi la mpunga lagona chammbali tsopano, lafota ngati nkhalamba. Mlamu pageti anati, "Alamu, muli ndi mwayi inu, mwamuna wotere." Ndati zikomo, mutengeni nayenso ngati m'chikwamamo mwatsala malo. Anayesa nthabwala.

Lachiwiri, 11 Juni

Mnzanga wa tomato wadutsa pageti akuweruka. Akuti amayesa ndagonekedwa kuchipatala. Ndamufotokozera, waseka mpaka kutsamira mpanda. Wati, "Nanga tomato wa mwezi wathunthu amuika mu banki?"

Kenako wandiuza zimene zandibaya. Pa kreti panga payamba kukhala mayi wina wogulitsa malaya a ana. Akuti amalankhula kwambiri koma sanena kanthu, ndipo tiyi amamwa makapu awiri. Wandiuza kuti ndifulumire, malo sadikira munthu.

Ndalowa m'nyumba mtima uli kuwawa. A Kapitawo andifunsa chimene chavuta. Ndati anyezi. Akuti anyezi wake uti poti lero sanatulutse.

Lachinayi, 13 Juni

Tomato yense watayidwa. Anyamula okha ndowa m'mamawa, poganiza kuti ndili kubafa. Ndinali pawindo.

Loweruka, 15 Juni

Masiku ano akamatsegula kachipinda kaja amatsegula pang'ono n'kulowa chammbali, kuti ndisaone m'kati. Ngati kuti sindidziwa kulira kwa chitini chopanda kanthu.

Tiyi wa lero analibe shuga. Akuti anawerenga penapake kuti shuga si wabwino kwa anthu a msinkhu wathu. Ndati zoona bambo, n'chifukwa chake mwagawira msewu wonse, kuti afe iwowo.

Chakumasana ndawaona akuvala nsapato n'kutenga kapu. Anazungulira mpanda mpaka pakhomo pa Mayi Maso. Ine ndinali kuanika zovala, makutu ali tcheru. Anayamba ndi za nyengo, za mitengo ya zinthu, kenako anatsokomola n'kukumbutsa za kashuga kaja. Mayiwo analowa m'nyumba, anatuluka ndi chitini, anachitsegula pamaso pawo. "Pepani bambo athu, ifenso tikudikira za mawa."

Mawu anga enieni! Ndinaluma thaulo kuti ndisaseke. Anabwerera kapu ataibisa kumsana, anadutsa pafupi nane osandiyang'ana. Mwezi uli pakati.

Lolemba, 17 Juni

Ndapeza kiyi patebulo, pambali pa kapu yanga. Ndamusiya pomwepo mpaka ndamaliza kusesa, aone kuti sindikumulirira.

Nditatsegula ndapeza mpunga wa m'munsi mwa thumba, mafuta otsalira pansi pa chigubu, ndi sopo. Sopo yekha ndiye alipo wambiri. Tidya sopo.

Iwo anali atakhala pampando wawo, nyuzipepala yadzana ili pamiyendo. Anati, "Amayi, inu mumatani kuti zizikwana?" Ndati chimene kulibe sichibwerekedwa, ndipo kansalu ka pa basiketi si ka fumbi. Anagwedeza mutu nthawi yaitali ngati ndawauza za m'Baibulo.

Ndimati nkhani yatha, ndinali nditatembenuka kale. Ndiye anati, chapansipansi, "Kungoti mukapita kumsika mumachedwa. Nyumba ino imangoti zii. Ine sindinakhalepo pakhomo m'mawa, sindidziwa kuti anthu amatani."

Ndinawauza kuti atsegule wailesi. Ndinalowa kukhitchini n'kutsuka poto amene ndinali nditatsuka kale.

Ndiye ndondomeko yonse ija, galimoto ya hayala, loko, zonsezo kuopa kukhala okha? Munthu wamkulu ndevu zoyera, pakamwa ali napo, osangonena bwanji? Chitsiru cha munthu. Zandikwiyitsa kuposa tomato uja, ndipo sindikudziwa chifukwa chake.

Mawa ndikupita kumsika. Mayi wa malaya a anayo akakhale pa malaya akewo.

Lachiwiri, 18 Juni

Ndadzuka, ndasamba, ndavala. Kuseri kwa chitseko pa msomali palibe basiketi.

Ndasuzumira pawindo. A Kapitawo ali pageti. Avala malaya awo oyera a kuntchito, asita okha, mzere wa mkono wapita uko. Nsapato apolisha. Basiketi yanga ili m'manja mwawo, aigwira ndi manja awiri ngati ingathawe.

Ndatuluka n'kuwauza kuti kumene ndikupitako kreti ndi imodzi. Akuti aima. Ndati sindifuna munthu wonenerera mitengo, sindifuna nkhani ya wakuba mababu, ndipo ine ndi mnzanga tikayamba kuseka asafunse kuti tikuseka chiyani. Akuti amva. Ndati aziyenda kumbuyo. Akuti chabwino, amayi.

Ulendo wanga, wanga ndekha, ndaumenyera nkhondo masabata onsewa, lero ndiupeze uli ndi mlonda.

Ndabwerera m'nyumba kuti ndaiwala kachikwama. Sindinaiwale. Ndakhala pabedi kulemba izi mwadala, aime kaye padzuwa amve kukoma kwake. Mayi Maso ayamba kale kusesa pampanda.

Akuitana. Sakufunsa malaya. Akuti, "Amayi, tabwerani muone, kansaluka ndavundikira bwino?"

Avundikira mokhota. Ndikuona pawindo pano.