Tinthambi ta Chamba cha Abambo Anga Sinditaya

Aphungu,

Ndine mayi wa ana atatu. Ndimakhala mumzinda wa Tetouan, koma kwathu ndi kumapiri, kumtunda kwa Ketama. M'nyumba mwanga mwabuka nkhondo, ndipo gwero lake ndi tinthambi ta chamba timene ndadzala m'matambula a tiyi padenga pomwe timayanika zovala. Ndineneretu: sindinasutepo, sindigulitsa, ndipo sindikuchita manyazi.

Abambo anga anatisiya chaka chomwe chino, mbewu zitangomera. Moyo wawo wonse ankalima beldiya, chamba chathu chamakolo chija, chachifupi, chokhutira ndi mvula yokha. N'chimene chinatilera, n'chimene chinandigulira nsalu za ukwati. Achimwene anga, a Mfeddal, ankawaumiriza kuti adzale chachilendo chobereka kwambiri, koma abambo ankangoti, "Chimenecho chimamwa ngati ngamila. Kasupe akauma mudzamwa utsi?"

Nditapita kumudzi kukachita sadaka, ndinapeza munda wonse atautembenuza ndi thirakitala, mapaipi ali yalayala kuchokera kukasupe, mbande zachilendo zili ndandanda. Ndinathamangira m'chipinda cha abambo kukayang'ana mtsuko umene ankasungamo mbewu. Munali mbee. Alamu anga, akazi a achimwenewo, anandiuza akuyang'ana pansi kuti mbewuzo anathira nkhuku.

Ndinawafunsa achimwene pamaso pa alendo. Iwo anaseka n'kunena kuti, "Iwe Rhimou, unakwatiwa kutauni. Za munda zikukukhudza pati? Pita ukaphikire mwamuna wako bisara, msuzi wa nyemba uja."

Ine ndinati, "Achimwene, pamene ndinkapalira munda uno mpaka msana kuuma, inu munali kumsika kumenya makadi. Lero mwaudziwa munda?"

Azakhali anga a Tamou anandikoka dzanja kuti ndisapitirize. Ananditengera kuseri kwa khola la mbuzi n'kundilozera tsinde limodzi la beldiya limene linamera lokha, thirakitala sinafikepo. Anati, "Mawa akaliona alizula." Ndinatenga mpeni wakukhitchini, n'kudula nthambi zanthete, n'kuzikulunga m'nsalu yonyowa. Ndi zimenezo ndinabwera nazo kuno.

Aphungu, ndavutika nato. Tina tinafota chifukwa ndinatiika padzuwa, tina tinavunda chifukwa ndinkathirira ngati ndikulipira mlandu. Tochepa totsala ndinatisunthira pamthunzi wa thanki ya madzi, n'kuvundikira ndi mabotolo odula. Tsiku lina m'mawa ndinaona timizu toyera titatsamira galasi la tambula. Ndinakhala pansi pomwepo n'kulira kuposa mmene ndinalirira pamaliro.

Amuna anga, a Layachi, amayendetsa takisi. Sindinawauze kanthu. Anatipeza okha atakwera kukakonza mpopi wa thanki. Anatsika nkhope itagwa, n'kunena kuti, "Amake Hiba, mukufuna ndikagone kundende chifukwa cha masamba? Kuno si Ketama. Akandilanda chiphaso cha galimoto, anawa adya mizu yanuyo?"

Ndinawayankha kuti, "Bambo ake Hiba, inu abambo anu anakusiyirani nyumba. Ine anga andisiyira izi. Mukufuna ndizitaye kudzala?"

Kuwonjezera apo, mnansi wathu Lalla Zhor, amene timagawana naye denga, anaima tsiku lina ndi beseni lake la zovala, n'kununkhiza, n'kuti, "Koma anzanga, timbewu tanu tonunkhiritsa tiyi chaka chino tamera masamba ngati zala." Anaseka, inenso ndinaseka, koma pakamwa pa mayi ameneyo sipagona nkhani.

Tsopano amuna anga akuti likafika Lachisanu tinthambito tikadali padenga, atenga ana kupita nawo kwa amayi awo. Ine ndawauza kuti apite. Achimwene anandichotsa m'munda, anapatsa nkhuku cholowa changa, ndiye lero ndigonjenso m'nyumba mwanga? Ayi. Ndithandizeni mmene ndingasamalire tinthambiti kuti tikule, ndi mmene ndingawalankhulire amuna anga kuti amvetse. Koma musandiuze kuti nditaye.

R.B., Tetouan

*

Mayi R.B.,

Pepani ndi maliro. Mkwiyo wanu ndaumva, ndipo ndi woyenera. Koma mkondo wanu mwaloza munthu wolakwika. Amene anakuchitani chipongwe ali kumudzi akuthirira munda wanu, inu mukulimbana ndi bambo amene akuopa kutaya ntchito yodyetsera ana anu.

Amuna anu si amantha, akunena zoona. Kumapiri kwanu mlimi wokhala ndi chilolezo, amene ali m'gulu la alimi, angathe kulima poyera. Padenga la mu tauni ndi mlandu, ngakhale tsinde likhale limodzi, ndipo wapolisi sadzafunsa kuti linali la abambo a ndani. Munaika ufulu wawo pachiswe osawafunsa. Pepesani pa kubisako. Pa kukonda abambo anu musapepese. Ndipo mawu aja oti apite ndi ana muwabweze lero lomwe, asanazike mizu kuposa tinthambi tanuto.

Kasamalidwe mwakaphunzira kale ndi misozi: mthunzi, dothi lonyowa ngati nsalu yofinya, ndi kuleka kumazula kuti muone ngati tagwira. Koma pali china chimene mwana wa mlimi ngati inu akuchidziwa, kungoti chisoni chakuiwalitsani. Chamba si mkuyu. Nyengo yake ikakwana chimachita maluwa n'kufa, ndipo tinthambi tanu tonse n'ta tsinde limodzi: lalikazi lokhalokha popanda lalimuna silingakupatseni mbewu. Ngakhale mutatisamala ngati khanda, m'matambulamo mulibe tsogolo la beldiya. Mukusunga maliro, osati mbewu.

Ndiye chitani izi. Imbirani azakhali anu a Tamou. Mayi amene anadziwa za tsinde lakuseri kwa khola akudziwanso nyumba zimene amayi achikulire akusungabe mbewu zakale m'mitsuko. Beldiya sanathere m'mimba mwa nkhuku za achimwene anu. Kenako pezani gulu la alimi la kwanuko, muwafunse mosabisa ngati amalandira mtundu umenewu, ndiponso ngati pali njira yololedwa yobwezera tinthambi tanu kumudzi. Akati ilipo, itsateni. Akati palibe, tisiyeni tipite. Musayerekeze kutinyamulira m'takisi ya amuna anu.

Chachikulu ndi munda. Mwana wamkazi ali ndi gawo lake pa cholowa cha bambo ake, akwatiwe kutauni kapena kutsidya la nyanja. Tengani azakhali anu ndi amuna anu, mupite kwa olemba za cholowa, mupemphe kuti malo agawidwe. Achimwene akakana, khoti lilipo. Gawo lanu likadziwika, pemphani chilolezo m'dzina lanu. Funsaninso za kasupe, chifukwa madzi amenewo si a munthu mmodzi. Ndipo sankhani ngodya yotalikira mbewu zachilendozo, poti mphepo ikanyamula ufa wa maluwa siifunsa malire.

Amuna anu musawauze ngati mukulamula. Akhazikeni pansi, muwathirire tiyi, munene kuti, "Padenga ndachotsa. Tsopano ndiperekezeni kwathu." Mwamuna amene wachotsedwa mantha amayenda mtunda wautali.

Chenjerani ndi ichi: achimwene anu akadzaona kuti simukuseka, adzasintha mawu. Adzakutchani mlongo wokondedwa, adzakumbutsa za malemu, abale adzakuuzani kuti mkazi waulemu satengera mlongo wake kukhoti. Mudzawamvere mpaka amalize, mudzamwe tiyi wawo, koma musadzavomere kanthu muli nokha. Ndipo tsiku lopita kumudzilo musanyamule mpango wopukutira misozi. Nyamulani khasu.

Aphungu